Khansala wandipempha kuti ndikhale mthandizi wake: ntchitoyi ndi yotani?

Funso: Ndine mayi wachitsikana, ndimakhala mumzinda wa Blantyre. Pa kampeni ya chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 ndinali m'gulu lothandiza bambo amene anapambana ukhansala m'wodi yathu. Tsopano andipempha kuti ndikhale mthandizi wawo: ndiziwasungira mapepala, ndizilandira madandaulo a anthu, ndiziwaimirira kumene iwo sangathe kufika. Sindinagwirepo ntchito ku khonsolo. Anzanga ena akuti ndachita mwayi, ena akuti ndikudziponya pamoto. Kodi ntchitoyi ndi yotani, nanga ndisamale ndi chiyani?

Yankho: Achemwali, ngati mtima wanu uli pa anthu a m'wodi mwanu, ntchitoyi ivomereni. Ndi ntchito yabwino, ndipo makhansala athu ambiri amalephera chifukwa chosowa munthu wadongosolo pambali pawo. Koma muyambe mwamvetsa chinthu chimene ambiri amadzachizindikira zinthu zitawonongeka kale: inu mulibe mphamvu zanuzanu. Anthu sanakuvotereni, khonsolo sinakulembeni ntchito. Chimene muli nacho ndi dzina la khansala wanu, lomwe wakubwerekani, ndi khama lanu lotsatira nkhani mpaka pamapeto pake.

Khonsolo ya mzinda ili ndi mbali ziwiri, malinga ndi lamulo la Local Government Act la 1998. Mbali ina ndi ya osankhidwa: makhansala, amene amasankha meya ndi wachiwiri wake pakati pawo. Iwowa amakhazikitsa mfundo, kuvomereza bajeti, kupanga malamulo ang'onoang'ono a mzinda ndi kuyang'anira ngati ntchito ikuyenda. Mbali inayo ndi ya ogwira ntchito, motsogozedwa ndi mkulu wa khonsolo, amene kuyambira pamene lamulo linasinthidwa mu 2010 amasankhidwa ndi nduna. Pansi pake pali akuluakulu oyang'anira zachuma, zomangamanga, zaumoyo, mapulani a mzinda ndi zina. Khansala payekha alibe mphamvu yolamula injiniya kuti atumize thirakitala kukakonza msewu. Mphamvu zake zimaoneka akakhala pamodzi ndi anzake mu komiti kapena pa msonkhano wa khonsolo yonse n'kumanga mfundo. Tsono ngati mwini wake sangalamule, nanga inu? Mukadzangolowa pa Civic Centre ku Chichiri n'kuyamba kunena kuti "olemekezeka alamula", adzakusekererani ndithu, koma kalata yanu idzagona mu dirowa mpaka mvula idzagwe n'kusiya.

Muzikumbukiranso kumene tachokera. Makhansala oyamba mu ulamuliro wa zipani zambiri anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho chapatatu cha 2014. Zaka zonsezo maofesi a khonsolo ankayenda okha, opanda wowafunsa. Anthu nawonso anaiwala kuti khansala ntchito yake n'chiyani, moti mpaka lero ambiri amamuona ngati wogula bokosi pamaliro. Mukaona ogwira ntchito ena akukulandirani mozizira, musafulumire kuganiza kuti akudana ndi chipani chanu. Nthawi zambiri anatopa ndi anthu obwera ndi phokoso opanda pepala lililonse m'manja.

M'mayiko ena ntchito ngati yanuyi inalembedwa m'malamulo. Ku England, lamulo la Local Government and Housing Act la 1989 limalola khonsolo kulemba othandiza magulu a zipani osapitirira atatu, ndipo amalipidwa ndi khonsolo. Lamulolo limaletsa kuwapatsa mphamvu zopanga ziganizo m'malo mwa khonsolo, ndiponso saloledwa kuima nawo pa chisankho akadali pa ntchitoyo. Ku Johannesburg ndi mizinda ina ya ku South Africa, ogwira ntchito mu ofesi ya meya kapena ya sipikala amalembedwa pa kontilakiti yoyendera limodzi ndi nthawi ya mwini ofesiyo. Kuno kwathu khansala wa wodi amadzipezera yekha womuthandiza, ndiye malire amene kwina analembedwa m'lamulo, inu muyenera kudzilembera nokha.

Choncho musanayambe, khalani pansi ndi bambowo mugwirizane, ndipo zimene mwagwirizanazo zilembedwe. Kodi iyi ndi ntchito yolipidwa kapena yongodzipereka? Ngati ndi yolipidwa, ndalama zingati, zichokera m'thumba la yani, tsiku liti? Khansala salandira malipiro aakulu. Amalandira kangachepe kongomuthokoza pamwezi ndi maalawansi a misonkhano, choncho akakulonjezani ndalama zambiri, funsani kumene zizichokera. Akayankha kuti "tiziona m'mapulojekiti", bwererani kunyumba. Mugwirizanenso za thiransipoti, mayunitsi ndi bandulo, chifukwa zimenezi n'zimene zimatha m'thumba la mthandizi mwakachetechete. Lamulo la Employment Act la 2000 limafuna kuti wolemba ntchito amene ali ndi antchito osachepera asanu apereke mfundo za ntchitoyo molemba; ngakhale khansala atakhala kuti alibe antchito ochuluka chotere, simukuchita mwano popempha pepala. Pomaliza, apempheni akulembereni kalata yokudziwitsani kwa mkulu wa khonsolo, yonena momveka zimene mwatumidwa kuchita: kupereka makalata, kutenga mapepala a misonkhano, kufunsa pamene nkhani yafika. Kalata imeneyo idzakutsegulirani zitseko zambiri kuposa nsalu ya chipani.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Gawo lalikulu la masiku anu lidzathera pa madandaulo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Gulani buku lalikulu lachikuto cholimba likhale kaundula wanu. Foni imatayika, imabedwa, mauthenga a pa WhatsApp amakwiririka. Munthu aliyense wobwera ndi nkhani, lembani tsiku, dzina lake, kumene amakhala, nambala yake, vuto lake m'mawu ochepa, ofesi imene mwakatula nkhaniyo, amene wailandira, ndi tsiku loti mukafunsenso. Zikumveka ngati zazing'ono, koma makhansala ambiri amamaliza zaka zisanu osadziwa kuti anthu awo anadandaula chiyani kwenikweni. Amangokumbukira amene anafuula kwambiri.

Luso loyamba ndi kudziwa kuti nkhani iyi mwini wake ndani. Anthu amabweretsa chilichonse kwa khansala, chikhalirecho zambiri si za khonsolo. Paipi ikaphulika kapena kiyosiki ikauma, imeneyo ndi nkhani ya Blantyre Water Board. Thiransifoma ikapsa, ndi ESCOM, ngakhale magetsi a m'misewu ya mumzinda ali m'manja mwa khonsolo. Misewu ikuluikulu yolumikiza maboma imayang'aniridwa ndi Roads Authority. Umbava ndi wa apolisi ndi achitetezo cha m'madera. Za khonsolo ndi monga zinyalala, ngalande, misika, zimbudzi za aliyense, manda, ziphaso za bizinesi, kuvomereza mapulani a nyumba, ozimitsa moto ndi misewu ya m'malokeshoni. Nkhani ya malo ndiyo yosokoneza kuposa zonse, chifukwa mumzinda umodzi muli eni malo angapo: unduna wa zamalo, Malawi Housing Corporation, khonsolo yomwe, ndi anthu okhala ndi zikalata zawo. Mayi wamasiye amene akulandidwa puloti mukamutumiza ku ofesi yolakwika, mwamutayitsa ndalama ya minibasi imene mwina anachita kukongola. Yambani mwamufunsa kuti pepala lake linachokera ku ofesi iti.

Mukadziwa mwini nkhani, ilembeni m'njira yoti munthu wa mu ofesi athe kugwirapo ntchito. Kalata yongoti "anthu akuvutika ndi ngalande" ilibe pogwira. Nenani kuti ndi ngalande iti, kuyambira pati kulekeza pati, inatsekeka liti, madzi akulowa m'nyumba zingati, ndani angakalozere malowo, ndipo muikepo zithunzi. Khansala asaine yekha. Pitani ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku limene alandira, muisunge mu fayilo. Pakatha sabata ziwiri bwererani mwaulemu mukafunse. Dziwanani ndi alembi, amesenjala ndi ogwira ntchito ku kaundula wa makalata, muziwapatsa moni ndi kuwatchula mayina, pakuti iwowa ndi amene amadziwa tebulo limene fayilo yagonapo.

Kenako bwererani kwa wodandaula uja ndi yankho, ngakhale yankholo likhale lakuti ayi. Apa ndi pamene othandiza ambiri amagwera. Amaopa kukhumudwitsa munthu, ndiye amangoti "zikutheka, dikirani", mwezi ndi mwezi, mpaka munthuyo amayamba kuwatcha abodza iwo pamodzi ndi khansala wawo. Anthu a m'malokeshoni mwathu si ana. Mukawauza kuti mlatho wawo sunalowe mu bajeti ya chaka chino, koma khansala akautula ku komiti ya zomangamanga mwezi wakutiwakuti, adzadandaula inde, koma mawa adzabweranso kwa inu chifukwa akudziwa kuti simunamiza.

Nkhani ya ngalande ndaitchula dala. Blantyre ndi mzinda wa mapiri ndi mitsinje, ndipo tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu Marichi 2023, matope ndi miyala zitatsika phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Tikukumbukiranso kolera ya 2022 ndi 2023, imene inachititsa kuti sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Mthandizi wanzeru amayenda wodi yonse mu Sepitembala ndi Okutobala, mvula isanayambe, kulemba ngalande zotsekeka, milu ya zinyalala imene sinapite kumalo otayira zinyalala a Mzedi, zitsime zoyandikana ndi zimbudzi, ndi nyumba zomangidwa m'njira ya madzi. Ngozi ikagwa, padzafunika mndandanda wa okhudzidwa woti upite ku khonsolo ndi ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Pamenepo anthu a chipani adzakuzungulirani kuti mayina awo alowe, ngakhale nyumba zawo zili chilili. Ndikukupemphani ndi mtima wonse, musadzalole. Thumba la ufa lopita kwa amene sanagwetsedwe nyumba lachotsedwa pakamwa pa mwana amene wagona m'kalasi. Mndandandawo ulembedwe ndi komiti yoona za ngozi m'wodimo pamodzi ndi mafumu ndi mabuloko lida, ndipo uwerengedwe pagulu.

Gawo lachiwiri ndi mapepala a misonkhano. Ntchito yambiri ya khonsolo imaphikidwa m'makomiti: ya zachuma, ya chitukuko, ya zomangamanga, ya zaumoyo ndi zachilengedwe, ya maphunziro, ya ogwira ntchito. Msonkhano wa khonsolo yonse kawirikawiri umangolandira ndi kuvomereza zimene makomiti abweretsa. Dziwani makomiti amene khansala wanu alimo, ndipo mapepala akangotuluka muwawerenge onse, ngakhale afike usiku woti mawa ndi msonkhano. Mulembereni tsamba limodzi lokha: nkhani zimene zikukhudza wodi yanu, zimene anagwirizana pa msonkhano wapita koma sizinachitike, ndi mafunso awiri kapena atatu oti akafunse. Maminitsi musamawataye. Khansala amene angaimirire n'kunena kuti "pa msonkhano wa mwezi wakuti tinagwirizana zakuti, zafika pati?" amamvedwa kuposa amene amangolankhula mokweza.

Bajeti muiphunzire ngakhale masamu asakukomereni. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Marichi, ndiye pempho lobwera mu Meyi lachedwa kale. Zofuna za wodi ziyenera kukhala zitakambidwa ndi komiti ya chitukuko ya m'wodi ndi kutulidwa nthawi ikadalipo, chaka chatsopano cha zachuma chisanayambe. Mudziwenso kuti mzinda umadalira kwambiri ndalama zotolera wokha, makamaka msonkho wa malo ndi nyumba, kuphatikizapo ziphaso za bizinesi ndi matikiti a m'misika, ndipo ambiri salipira msonkhowo pa nthawi yake. Chinthu kulembedwa mu bajeti sindiye kuti ndalama yake ilipo. Funso lothandiza n'lakuti: zimene tinayembekeza kutolera, tatolera zingati? Mukakanizidwa pepala limene si lachinsinsi, lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limapatsa nzika iliyonse ufulu wolipempha molemba. Komabe yambani ndi kupempha mwaulemu kudzera kwa khansala. Lamulolo likhale chida chomaliza.

Anzanu amene akuti mukudziponya pamoto akunena za ndalama, ndipo sakunama. Anthu akangodziwa kuti muli pafupi ndi khansala, adzabwera ofuna benchi mumsika, ofuna puloti, ofuna kuti nyumba yomangidwa popanda pulani isagwetsedwe, makontilakitala ofuna kudziwa mitengo ya anzawo, aliyense ndi "ya fanta" m'manja. Zimayamba ndi mayunitsi. Mukalandira kamodzi, mwasanduka dobadoba wa pa khonsolo, ndipo tsiku limene a bungwe lolimbana ndi katangale la ACB adzafunse mafunso, lisiti la Airtel Money kapena Mpamba lidzaonetsa nambala yanu, osati ya bwana. Kugula katundu ndi kupereka makontilakiti kuli ndi komiti yake ya ogwira ntchito, ndipo khansala sayenera kulowererapo, inu ndiye kutalitali. Ndalama za zopereka, kaya n'zokonzera mjigo kaya n'zachitetezo, zisadzere pa nambala yanu. Zisungidwe ndi msungichuma wa komiti, zilembedwe, ziwerengedwe pagulu. Ndipo musasaine pepala lonena kuti mwalandira katundu amene simunamuone ndi maso anu.

Maliro ndi nkhani ina yolemera. Kukhala nawo pamaliro ndi umunthu, ndipo khansala wosaoneka pa zovuta anthu samukhululukira. Koma thumba lake silingagule bokosi la wodi yonse. Muthandizeni kukhazikitsa mlingo umodzi wa chipepeso, wofanana kwa aliyense, wachipani chake ndi wotsutsa yemwe, kuti pasakhale wonena kuti kwa auje anapereka zambiri. Inu mungathandize ofedwa m'njira zosafuna ndalama: kuwalozera kopeza chilolezo cha manda, kudziwitsa mfumu, kuimbira amene ali ndi galimoto. Mukumbukirenso kuti lamulo la Political Parties Act la 2018 limaletsa zipani ndi opikisana pa chisankho kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti, ndiye chizolowezi chogawa chikakula lero, chidzakuvutani kuchisiya kampeni ikadzayandikira.

Pakamwa panu pasamale. Chilichonse chimene mungalembe pa gulu la WhatsApp la wodi kapena pa Facebook, anthu adzati wanena ndi khansala. Musalonjeze kanthu m'dzina lake asanavomere. Mtolankhani akaimba, mutengereni uthenga, mwini wake ayankhe. Mukapita kukamuimirira pa msonkhano, nenani poyambirira kuti mwabwera kudzamva ndi kukatula, osati kudzagamula. Wina akatukwana bwana wanu pagulu, musabwezere. Funsani vuto lake, mulilembe m'kaundula ngati la wina aliyense.

Chovuta kwambiri kwa munthu wochokera ku kampeni ndi kuvula malaya a chipani. Miyezi yapitayo munkagawa anthu kuti awa ndi athu, awa si athu. Lero gogo amene anavina pa msonkhano wa wopikisana nanu akabwera ndi vuto la chimbudzi chogumuka, ndi munthu wa m'wodi basi. Paja akulu anati mapanga awiri avumbwitsa: ngati mukufuna kukhalabe mtsogoleri wa amayi kapena achinyamata m'chipani, ganizirani bwino, chifukwa anthu sadzadziwa kuti lero mwabwera ndi nkhope iti, ndipo theka la wodi lidzasiya kukuuzani mavuto awo.

Ndale za m'kati mwa khonsolo muzingozimva. Meya amakhala pampando zaka ziwiri ndi theka, choncho pakati pa nthawi ya makhansala pamakhala chisankho china, ndipo miyezi yoyandikira chisankhocho kumakhala kunong'onezana kwambiri. Ubale wa khansala ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo nawonso ndi wosakhalira kuvuta, makamaka pa ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF ndi pa funso loti chitukuko ichi wabweretsa ndani. Kusintha kwa lamulo kwa 2010 kunapatsa aphungu mphamvu yovota m'makhonsolo, ndipo mu 2025 Khoti Lalikulu linagamula kuti zimenezo zikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Imeneyo ndi nkhondo ya akuluakulu. Inu sungani ubale wabwino ndi othandiza phungu, chifukwa mayi wofuna mlatho alibe nazo kanthu kuti chikwangwani chidzalembedwa dzina la yani.

Pali ntchito ina imene palibe adzakuuzeni kuti ndi yanu, koma ndi imene imasiyanitsa mthandizi ndi wonyamula chikwama: kuuza khansala zoona muli awiri. Anthu omuzungulira adzamuuza kuti wodi yonse ikumukonda. Inu muli ndi kaundula. Mukaona kuti dera lina sanapondeko chisankhidwireni, kapena kuti lonjezo la pa kampeni anthu ayamba kulitchula monyoza, muuzeni mwaulemu, pambali, ndi umboni. Pagulu musamutsutse. Akakhala munthu wosafuna kumva chilichonse chosamukomera, mudzadziwa msanga, ndipo pamenepo mudzasankhe ngati n'koyenera kupitiriza.

Popeza ndinu mayi, ndinenenso ichi mosabisa. Mayi woyenda ndi bambo wandale anthu amamunenera zambiri, ngakhale palibe chimene chikuchitika. Si chilungamo, ndipo si chifukwa chokanira ntchito, koma dzitetezeni. Zokambirana zizichitikira pamalo odziwika, pa ofesi ya wodi, pasukulu kapena pa holo, nthawi ya masana. Dziwanani ndi akunyumba kwa khansala, iwonso adziwane ndi akwanu. Ikani nthawi imene foni ya ntchito imatsekedwa, kupatula pa ngozi. Wina aliyense, kaya ndi bwana wanuyo kaya mkulu wa mu ofesi, akayamba kusakaniza ntchito ndi zofuna zake, kanani poyamba pomwepo, lembani tsiku ndi zimene ananena, ndipo uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere.

Ntchitoyi ili ndi tsiku lothera. Chisankho china chikubwera mu 2030, ndipo palibe chitsimikizo choti khansala wanu adzabwerera. Musasiye bizinesi yanu kapena sukulu chifukwa cha udindo umenewu. Zimene mudzaphunzire, monga kulemba kalata yomveka, kuwerenga bajeti, kulemba maminitsi ndi kuyendetsa msonkhano wa anthu okwiya, mabungwe ambiri amazifuna, choncho pakatha chaka pemphani kalata yokuchitirani umboni zinthu zikadali bwino pakati panu. Mtima wofuna kudzaima nokha ukadzakufikirani, palibe cholakwika, makhonsolo athu akusowa amayi; koma mudzawauze bambowo poyera ndi kutula pansi ntchito nthawi ikadalipo, m'malo mochita kampeni mobisa ndi manambala a anthu amene anabwera kudzadandaula. M'kaundula muja mudzakhala matenda a anthu, mikangano ya m'mabanja ndi ngongole zawo. Musamusiye pa tebulo poti aliyense atsegule, musajambule masamba ake n'kutumiza pa gulu, ndipo pochoka mudzamupereke m'manja mwa khansala, nkhani zosatha mutazilemba pa tsamba lapadera kuti wobwera pambuyo panu adzadziwe poyambira.